Msilikali wa pa khoma la msika

Amene analipo tsiku limenelo ndiwatchula onse, kuti wina asadzati mkulu uja ankanama. Ndinalipo ine. Analipo mwana wanga wachisamba, amene nthawi imeneyo n'kuti ali kale ndi mkazi ndi ntchito yake ya pa njanji. Analipo mmisiri wa penti, munthu wowonda wosakonda kuyankhula, amene ankalemba manambala pa mabogi a sitima. Analipo mzungu wa pa boma ndi womasulira wake. Analipo shehe wa ku Senga Bay, ataima chofulatira khoma. Analipo amayi ake a mnzanga amene anatsala ku nkhondo, ndipo pambuyo pawo panali mkazi wa mnzangayo, atasenza dengu la utaka. Tinalipo ife asilikali obwerera, titavala zoyera za mganda. Otsalawo anali anthu a pamsika, ogula ndi ogulitsa ndi ongoyang'ana. Koma ngati mnzangayo analipo kapena panalibe, chimenecho ndicho sindikudziwa mpaka lero, ndipo n'chifukwa chake ndagwira pensulo.

Kulemba ndinaphunzira ndili ndi ndevu kale, ku usilikali, ndipo dzanja langa limayenda ngati ng'ombe yokoka ngolo m'matope. Pakamwa ndiye ndilibe mnzanga. Ndikaitana bwato ndili pamchenga ku Senga Bay, a ku Lifuwu amayankha. Funsani aliyense.

Ine kwathu ndi kumtunda, cha ku Khombedza. Kunyanja ndinabwera chikamwini, wosadziwa ngakhale kagwiridwe ka nkhafi. Amene anandiphunzitsa ndi mnzangayo, nyumba yake inali yoyandikana ndi ya apongozi anga. Iye Msilamu, ine wa tchalitchi. Mbewa zanga sankadya, koma ine zake ndinkadya zonse. Tinasema bwato limodzi, ndipo nkhondo itabwera tinalembetsa tsiku limodzi, pansi pa mkuyu umene unali pakati pa msika wakale wa Salima.

Tsiku lokwera sitima, amayi ake anamukokera pambali n'kumumanga chithumwa kumkono wamanzere, pamwamba pa chigongono. Iwo amati hirizi. Mkati munali kapepala kolembedwa ndi shehe, kunja chikopa cha mbuzi, chosokedwa ndi ulusi wofiira, ndipo pangodya imodzi anasokerapo mikanda itatu yoyera. Anasoka okha amayiwo. Ine ndinaseka mokweza, sitesheni yonse n'kumva. Ndinati, "Amayi, chipolopolo chimadziwa kuwerenga Chiarabu?" Iwo anangopitiriza kumanga mfundo.

Ku Bama, dziko limene anatitumiza kukamenya nkhondo, ntchito yathu inali yonyamula ovulala pa machira, iye kutsogolo ine kumbuyo. Za kumeneko sindilemba zambiri. Mvula, misundu, mapiri osatha. Tsiku lina chitsulo chinamulowa m'mimba, ndipo amene ankanyamula anzake ananyamulidwa. Atazindikira kuti zatha, anamasula chithumwa chija ndi mano, n'kundiika m'manja.

"Achimwene, mukawapatse amayi. Akachiona adzadziwa."

Ndinamukwirira ndekha ndi fosholo ya boma, nkhope nditailozetsa kumene ndinkaganiza kuti ndiko Asilamu amayang'ana popemphera.

Tsono mvetsetsani apa, chifukwa ena amati ndinaba. Sindinabe! M'matumba mwathu chilichonse chinkawola ndi mvula, ndiye ndinachimanga kumkono kuti chisataike, basi. Mawa lake chipolopolo chinabowola chipewa changa n'kukapha munthu amene anagwira machira kutsogolo, pamalo pa mnzanga. Ine osakandika n'komwe. Kuchokera pamenepo sindinachivulenso. Mudzati, nanga mwini wake chinamuteteza bwanji? Inenso ndinadzifunsa. Yankho limene ndinapeza n'lakuti iye anafa atachivula.

Titatsika sitima pa Salima, amayi aja analipo. Kalata ya boma inali itawafika kale, koma iwo anati pepalalo analemba ndi munthu amene sanamuonepo mwana wawo. Anandigwira dzanja.

"Bambo, mnzanu anakupatsirani chiyani choti mundipatse?"

Chithumwa chinali mkati mwa malaya, chikundigunda ngati mtima wachiwiri. Ndinati, "Palibe, amayi. Zinachitika mofulumira."

"Ndiye sanafe," anatero. "Mwana wanga sangafe osanditumizira kanthu."

Ndinalumbira, ndinakuwa, ndinafotokoza za fosholo ndi za phiri. Iwo anangotembenuka n'kumapita.

Kuno kunyanja munthu akamira osapezeka, sitimusiya m'madzi. Timatenga chinthu chimene anali nacho pomaliza, kaya ndi nkhafi yoyandama, kaya ndi nsalu imene mafunde alavula, n'kukaika m'manda. Pamenepo maliro amalirika, sadaka imaphikidwa, wamasiye amakhala masiku ake m'nyumba kenako n'kumasulidwa. Kwa mnzangayu kunalibe chinabwera, ndiye amayi anakana zonse. Maliro ayi, sadaka ayi. Mkazi wake anangokhala, wokwatiwa ayi, wamasiyenso ayi. Mlimi wina wa mpunga wa ku Lifuwu anatumiza ankhoswe kawiri, kawiri konse anabwezedwa. M'mawa uliwonse mkaziyo ankandigwadira pondipatsa moni, "Mwadzuka bwanji, alamu?" n'kundiyang'ana pang'ono kupitirira moniwo. Ine ndinkangowonjezera mawu. Ndinkakalipira ana, agalu, mphepo ya mwera. Zaka ziwiri zinatha choncho.

M'zaka za nkhondo msika wa Salima unali utagwa. Amuna kunalibe, zisakasa zinawola, mbuzi zinkagona pa mathandala a nsomba. Ndiye a boma anati amange watsopano wa njerwa, ndipo ife obwerera anatipatsa ntchito youmba. Anadula mkuyu uja. Anaika mizere yowongoka ngati ya asilikali pa perete, nsomba uku, mpunga uku, mchere uko. Amayi amene anagulitsa pamalo amodzi moyo wawo wonse ankazungulira ndi madengu kumutu, kufunsa kuti pamene panali mtengo ndi pati. Ngakhale ine ndinasochera kawiri, koma sindinauze munthu.

Kumbali yoyang'ana msewu wochokera ku sitesheni kunatsala khoma lalitali, lopakidwa njereza, lopanda zenera. Mzungu anatiitana asilikali, nati pamenepo paikidwe chikumbutso cha anzathu amene sanabwerere. Iye ankafuna mayina. Ine ndinaimirira.

"Bwana, mayinawo awerenga ndani? Amayi awo sadziwa a kapena e. Jambulani munthu, aliyense aone ndi maso!"

Womasulira anamasulira mwaulemu kuposa mmene ndinanenera, ndipo mzungu anavomera. Shehe atamva anati chithunzi cha munthu ndi haramu, choletsedwa, wochijambula adzafunsidwa tsiku la kiyama, lachiweruzo, kuti achiuzire mpweya. Ndinamuuza kuti wojambulayo si Msilamu, akafunsidwa kwina. Anandiyang'ana ngati ndine mwana.

Mumtima mwanga ndinkafuna kuti pakhomapo pakhale mnzanga. Zoona, Mulungu akundiona. Ndinkaganiza kuti amayi akamuona pakhoma la akufa, avomera, mkazi uja amasuka, ndipo ine ndikhala ndi chithumwa changa, aliyense n'kukhala ndi chake. Ndinapita kwa mmisiri wa penti n'kuyamba kumufotokozera. Mphuno yotere, mano a mpata, khosi lalitali, poyenda ankapendekera kumanja.

Anandimvetsera mpaka ndinatopa, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri. Kenako anati, "Abambo, ine mawu sindijambula. Imani apo."

"Ine? Si ine wakufa!"

"Wakufayo sangaime. Imani apo."

Anatchinga khomalo ndi mpanda wa bango kuti anthu asaone, ndipo ndinaima masiku asanu ndi limodzi. Ndinavala kabudula ndi malaya anga a usilikali. Anandisenzetsa mtengo paphewa ngati wa machira, dzanja lamanzere lili m'mwamba kuugwira. Dzuwa la mwezi wa khumi mukulidziwa. Penti anali nayo yobiriwira yotsala ku magalimoto a nkhondo, yofiira ya ku njanji, ndi mwaye wosakaniza ndi mafuta. Tsiku lililonse ndinkamukumbutsa za mano a mpata, iye n'kumangogwedeza mutu. Pa tsiku lachitatu ndinaona kuti munthu wa pakhomayo wamera ndevu zopotokera m'mwamba. Mnzanga analibe ndevu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane, koma ndevuzo zinali zitakhala bwino kwambiri. Ndinatsekanso.

Apa ndipo pali kupusa kwanga. Masiku onsewo ndinkangoyang'ana nkhope. Ngati chifuwa chatambasuka mokwanira, ngati maso akuopsa. Sindinaganize n'komwe kuti munthu akakweza mkono, dzanja la malaya limatsetserekera kuphewa.

Tsiku lotsegulira msika tinavina mganda kuchokera ku sitesheni, malipenga athu a zikho akulira, ine patsogolo. Mzungu anayankhula, womasulira anamasulira, anthu anaomba m'manja pamalo olakwika. Kenako anyamata anagwetsa mpanda uja.

Ndiye mayi wina wogulitsa mchere anakuwa, "Iii, si uja wa phokoso uyu?"

Msika wonse unaphulika ndi kuseka.

"Koma anamutha! Aka n'koyamba kumuona atatseka pakamwa!"

"Paja amati khomali ndi la akufa?" anatero mkulu wina wa maukonde, n'kubwera kudzandigwira dzanja ndi manja awiri. "Pepani, achimwene, sitinamve za maliro anu. Munamwalira liti?"

Ndinayamba kuwayankha onse pamodzi. Ndinati ameneyo si ine, ndi msilikali aliyense. Wina anati msilikali aliyense ali ndi ndevu za kampango? Ndinati ndi mnzanga. Anati mnzako uti, amene amakhala m'kalirole? Ine ndemwe sindinkadziwanso kuti ndikuteteza chiyani. Theka la mtima linkanyada, theka linkachita mantha kudziona nditaima pakhoma la anthu amene anakwiriridwa.

Ndili mkati mokuwa, ndinaona anthu akupatuka. Amayi a mnzanga ankayenda molunjika kukhoma, pang'onopang'ono, ndi ndodo yawo. Nkhope ya msilikaliyo sanaiyang'ane n'komwe. Anakweza ndodo, n'kuloza pamkono wamanzere, pamwamba pa chigongono.

Pamenepo m'pamene ndinachiona koyamba. Kachikopa kangodya zinayi. Ulusi wofiira, penti ya ku njanji. Timadontho titatu toyera pangodya.

Amayiwo anataya ndodo, anatambasula dzanja, koma sanafikire. Anangogwira njerwa za m'munsi. Anati chapansipansi, osati kwa ine, osati kwa munthu aliyense, koma kwa khoma, "Wafika, mwanawe?"

Ndiye analira maliro. Kulira kumene kunadikira zaka ziwiri, pakati pa msika watsopano, dzuwa lili pamutu. Mpongozi wawo anatula dengu la utaka pansi, nakhala pafumbi, naphimba kumutu. Amayi a pamsika amene ankaseka aja anayamba kulandira kulirako mmodzimmodzi. Shehe, amene anali atafulatira khoma chiyambire, anatembenuka. Mzungu anafunsa chimene chachitika. Ndinamva womasulira akumuuza kuti mayiyu wakhudzidwa ndi chikumbutso, ndipo mzunguyo anavula chipewa.

Atatha, amayi anabwera pamene ndinaima. Ndinali wokonzeka kutukwanidwa. Kutukwanidwa ndimakudziwa, ndimabweza. Koma iwo anangotambasula dzanja, chikhatho chili m'mwamba.

"Amayi," ndinatero, "zimenezo ndi nzeru za wojambula. Amangowonjezera zokongoletsa."

Mmisiri uja, amene masiku asanu ndi limodzi sanatulutse mawu okwana dzanja limodzi, anasankha nthawi imeneyo. "Ine ndimajambula chimene ndaona."

Mwana wanga anali pambali panga. Anati motsitsa, "Atate, pindani malaya."

"Iwe, ukuyankhula ndi ndani?"

"Ndi inu, atate. Pindani."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Asilikali anzanga, amene ndinkawauza kuti ine ndinapulumuka ndi mtima wachimuna wokha, popanda mankhwala, onse anali kuyang'ana pansi. A tchalitchi chathu analiponso. Mawu anga, amene amafika ku Lifuwu, anakana kutuluka. Ndinapinda.

Mfundo inali italowa m'thupi, yolimba ndi thukuta la zaka. Ndinayesa ndi zala, inakana. Ndinayesa ndi mano ngati mwini wake, sindinafikire. Amene anadzuka ndi mkazi wa mnzanga. Anatenga kampeni kake kotumbulira nsomba, nandipatsa chogwada, osandiyang'ana. Ndinadula. Pansi pake khungu linali loyera ngati la mwana wobadwa kumene. Ndinaika chithumwacho m'manja mwa amayi, n'kuima chilili kudikira kugwa.

Anachinunkhiza. Anapapasa mikanda ija ndi chala chachikulu. Kenako anandiyang'ana nati, "Mwamunyamula nthawi yaitali, bambo. Mwatopa."

Mawu amenewo ndawatembenuza zaka zonsezi ngati nsomba pathandala. Kodi kunali kundithokoza? Kodi kunali kunditukwana mwa Chisilamu, mofatsa? Ndinafunsa mkazi wanga, anati ngati sindinamve ndiye sindidzamva. Yankho lanji limenelo?

Mawa lake anakumba manda ku Senga Bay. Ndinkaganiza kuti shehe akana, koma anati pepala lokhala ndi mawu a Mulungu malo ake ndi m'nthaka yoyera, ndipo anachikulunga yekha m'kansalu koyera. Ine ndinaima patali. Sadaka inaphikidwa, mpunga ndi mbuzi, ndipo mbale yanga inabwera kunyumba ngakhale sindinapiteko. Mkazi uja anakhala masiku ake m'nyumba, anamasulidwa, ndipo mvula isanagwe kachiwiri anakwatiwa ku Lifuwu. Chichokereni sanandipatsenso moni. Tikakumana panjira ankapatukira kutchire. Koma chaka chilichonse akakolola, lichero la mpunga linkafika pakhomo panga popanda uthenga. Nanga zimenezi munthu azimve bwanji?

Za khoma ndiye zinandisokoneza koposa. Manda anali nawo tsopano amayi aja, koma tsiku la msika lililonse ankabwera ndi tsache kudzasesa pansi pa chithunzi, mpaka anamwalira. Anthu a kunyanja ankati ujayo ndi mwana wa mayi wosesa. A kumtunda ankati ndine. Amayi ena awiri, amene ana awonso anatsala ku nkhondo, anayamba kukhala pamthunzi wa khomalo n'kumati ndi wawo, ngakhale mmodzi wa anawo ndinkamudziwa, anali wamfupi ngati mtondo. Shehe ankadutsa atatembenuzira nkhope kumbali, koma kawiri ndinamumva ndi makutu anga akupereka salamu chapansipansi. Ankalonjera ndani? Osochera mumsika anasiya kufunsa za mkuyu. Ankangoti tikumane pa msilikali.

Mvula inayamba ndi kufufuta nkhope, chifukwa mwaye sulimba. Ndevu zinatsika ngati misozi n'kutha. Ndinafuna kuti mmisiri adzabwezeretse, koma anali atasamutsidwira ku Limbe. Penti ya magalimoto ndi ya ku njanji yokha ndiyo inakana kuchoka. Patapita zaka panatsala munthu wobiriwira wopanda nkhope, ndi kachinthu kofiira pamkono.

Koma ndathamanga. Ndibwerere ku sabata lija.

Atakwirira chithumwa, ine ndinalowa m'nyumba n'kugona pamphasa kudikira imfa. Ndikunena zoona. Mwini wake anachivula n'kufa tsiku lomwelo, nanga ine ndinali ndani? Ndinagawa zinthu zanga. Ndinauza mkazi wanga kumene ndikaikidwe, ndi nyimbo zoti aimbe, ndipo atasokoneza nyimbo imodzi ndinamukalipira mpaka oyandikana nawo anabwera kudzaona. Tsiku loyamba linadutsa. Lachiwiri ndinamva kuzizira pamkono, ndinati yayamba. Lachitatu masana mwana wanga anafika kuchokera ku sitesheni, malaya ali ndi mafuta a sitima, nakhala pakhomo osagogoda.

Ndinamuuza kuti wachita bwino kubwera, amve mawu anga omaliza. Anati wayamba kale kuwamva ali pa mtengo wa mango wa kumsewu. Ndinamutukwana pang'ono. Kenako ndinamufunsa chimene chinkandidya.

"Iwe unapita kusukulu. Tandiuza. Pakhoma paja pali ndani? Ngati ndine, ndiye ndili pakati pa akufa, ndipo ndikuchedwa. Ngati ndi iye, bwanji wavala nkhope yanga? Ndipo amene anatsika sitima tsiku lija n'kunamiza mayi wa mnzake, ameneyo anali ndani?"

Anayang'ana kamzere koyera ka pamkono panga. Ndiye anati:

"Atate, masiku atatu apita, ndipo mukadali kukalipa, ndiye imfa yakukanani. Inu munatsika sitima kalekale, tinakulandirani, tinakuphererani nkhuku. Mnzanu ndiye watsika dzana. Musiyireni khomalo. Dzukani, bwato lanu likung'ambika ndi dzuwa pamchenga."